Kuona Mbalame Pagombe la Nyanja ndi pa Milu ya Mchenga M'nyengo Yotentha

Munthu akafika koyamba pagombe la nyanja amaganiza kuti ntchito yaphweka. Palibe mitengo yobisa mbalame, palibe tchire lowirira, pali mchenga ndi madzi basi. Amayenda ola lathunthu, n'kubwerera ataona akhwangwala awiri ndi gulu la mbalame zoyera zimene zinauluka iye adakali kutali. Chonsecho pamchenga womwewo panali mbalame zina, ndipo ina inali itakhalira mazira pafupi ndi pamene phazi lake linaponda. Mbalame za pagombe zimabisala poyera. Nthenga zawo zimafanana ndi mchenga, ndipo zikaona munthu zimangoti phee. Kuti muzione muyenera kuyenda pang'ono, kukhala pansi nthawi yaitali, ndi kuphunzira kumva zimene mbalameyo ikukuuzani ndi zochita zake. M'nyengo yotentha zimenezi n'zofunika koposa, chifukwa ndi nthawi imene zambiri zimakhala ndi mazira kapena ana.

Choyamba: sankhani tsiku ndi ola

Nyengo yotentha siifika nthawi imodzi padziko lonse. Ku Ulaya ndi ku North America imakhala mu Juni, Julayi ndi Ogasiti, pamene kum'mwera kwa dziko lapansi imayamba mu Disembala n'kufika mu Febuluwale. Kumpoto, Juni ndi mwezi wa mazira ndi tiana, ndipo pofika pakati pa Julayi mbalame zimene zinakaswera kumadera ozizira a ku Arctic zimakhala zayamba kale ulendo wobwerera, n'kumatera m'magombe kuti zidye. Kum'mwera, miyezi yotentha ndi imene mbalame zomwezo zimakhala zafika ngati alendo, zitathothola nthenga zowala za nthawi yoswana n'kumera zotuwa. Dziwani kuti muli mbali iti, chifukwa ndi zimene zingakuuzeni mbalame zoyembekezera.

Fikani dzuwa likungotuluka. Mbalame zimadya kwambiri m'mamawa, ndipo osambira ndi agalu awo amakhala asanadzuke. Koma chifukwa chachikulu ndi kutentha kwa mchenga. Dzuwa likakwera, mpweya wa pamwamba pa mchenga umayamba kunjenjemera, ndipo mbalame ya patali imaoneka ngati ikusungunuka. Magalasi amphamvu sathandiza, amangokulitsa kunjenjemerako.

Onaninso kumene nyanja ili. Ikakhala chakum'mawa kwanu, m'mawa dzuwa lidzakulasani m'maso ndipo mbalame iliyonse idzaoneka yakuda bii. Gombe lotero limakoma madzulo, dzuwa litapendeka. Nyanja ikakhala chakumadzulo, pitani m'mawa kuti dzuwa likhale kumsana.

Nyanja ya madzi opanda mchere siidzaza ndi kuphwa tsiku ndi tsiku ngati nyanja yamchere. Chimene chimasintha gombe lake ndi mphepo. Ikawomba mbali imodzi kwa maola ambiri imakankhira madzi kutsidya, ndipo ikaleka madziwo amabwerera n'kumapita uku ndi uku ngati madzi a m'beseni limene mwalinyamula mukuyenda. Madzi akabwerera amasiya matope ndi timathawale, momwe mbalame zimapezamo chakudya. N'chifukwa chake m'mawa wotsatira usiku wa mphepo yamphamvu ndi wosafunika kuuphonya. Mafunde amakhala atatayira pamtunda ndere, nkhono ndi tizilombo, ndipo mbalame zimasonkhana pamenepo.

Chachiwiri: zonyamula

Chida chachikulu ndi magalasi oonera patali, amene ambiri amangoti mabainokyula. Pamagalasiwo pamalembedwa manambala awiri, monga 8x42. Nambala yoyamba ikutanthauza kuti chinthu chimaoneka pafupi maulendo 8, ndipo yachiwiri ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita. A 8x42 ndi okwanira. A 10x42 amathandiza pagombe chifukwa mbalame zimakhala kutali, kungoti amaonetsanso kunjenjemera kwa manja anu. Ngati muli ndi telesikopu yoimika pa miyendo itatu, yokulitsa kuyambira 20 mpaka 60, inyamuleni, chifukwa pagombe m'pamene imagwira ntchito kuposa m'nkhalango.

Musanachoke kunyumba, konzani magalasiwo kuti agwirizane ndi maso anu. Tsekani galasi lakumanja, yang'anani chikwangwani kapena tsamba ndi diso lamanzere, n'kupotokola kagudumu ka pakati mpaka zioneke bwino. Kenako tsekani lamanzere, n'kupotokola kamphete kamene kali pagalasi lakumanja mpaka diso limenelo lione bwinonso. Anthu ambiri amene amadandaula kuti mabainokyula amawapweteketsa mutu amakhala kuti sanachitepo zimenezi.

Mchenga ndi mdani wa galasi. Musalipukute ndi malaya, chifukwa kamchenga kamodzi kangalikande mpaka kalekale. Uziranipo kaye, sasani ndi kabulashi kofewa, kenako pukutani ndi kansalu kake. Zina zonse n'zodziwikiratu: zovala zosawala, chipewa, madzi akumwa okwanira, nsapato zotseka, buku la mbalame za dera limenelo, kabuku kolembamo ndi pensulo, ndiponso kansalu koyala pansi.

Chachitatu: imani polowera, muliwerenge gombelo

Musafike n'kulunjika kumadzi. Imani pamene njira yathera, muone mmene malowo agawikira. Gombe lili ndi mizere yake, ndipo mzere uliwonse uli ndi eni ake.

Pamwamba pa madzi pamauluka mbalame zosaka nsomba. M'mphepete mwenimweni, pamchenga wonyowa, pamathamanga timbalame ta miyendo yaitali. Kumtunda pang'ono kuli mzere wa zinyalala zimene mafunde anataya, momwe mumaswana ntchentche ndi tizilombo tina, ndipo mzere umenewu ndi wofunika kuuyang'ana kawiri. Kenako pamabwera mchenga wouma wosakanikirana ndi timiyala ndi zigoba za nkhono. Pooneka pamangoti mbee ngati palibe kanthu, koma apa m'pamene pamakhala zisa. Kuseri kwake kuli mulu woyamba wa mchenga wokhala ndi udzu wapatalipatali, ndipo mukapitirira mupeza tizigwa tonyowa pakati pa milu, kenako zitsamba ndi mitengo.

Funani malo amene zinthu ziwiri zakumana: pamathiriro a kamtsinje, pamene mchenga watulukira m'madzi ngati lilime, kapena pathawale limene lili kuseri kwa gombe. Mukapeza malo otero mwapeza theka la mbalame za tsikulo. Popita kumeneko yendani pamchenga wonyowa. Ndi wolimba, sutopetsa miyendo, komanso mbalame sizimangapo zisa.

Chachinayi: khalani pansi

Munthu woimirira amaoneka kutali, ndipo kwa mbalame ndi chinthu choopsa. Munthu wokhala pansi amafanana ndi chitsa. Yalani kansalu kanu patali ndithu ndi pamene mbalame zili, dzuwa lili kumsana, ndipo mukhale mphindi 15 kapena 20 osasuntha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pagombe mawuwa amachitika monga mmene alili: mbalame zimene zinathawa zimabwerera, ndipo zina zimadya zikubwera chakwanu mpaka kufika pafupi kuposa mmene inu mukanaziyandikirira.

Yambani kuyang'ana ndi maso okha, mukufuna chilichonse chosuntha. Mukachiona, musachotsepo maso. Kwezani magalasi kuti abwere pamaso panu, osati kuweramitsa mutu kuwafuna, apo ayi mbalameyo mwaitaya. Kenako sesani gombe ndi magalasi pang'onopang'ono kuchokera kumanzere kupita kumanja, mzere umodzi umodzi, n'kubwereranso. Kamwala kalikonse kozungulira kokhala pakokha mukayang'anitsitse. Timiyala tina timaphethira.

Mukapeza gulu, liwerengeni, ndipo powerengapo muziyang'ana mbalame iliyonse payokha. Kawirikawiri mbalame yachilendo imapezeka motero, ili pakati pa zinzake 40 zofanana.

Chachisanu: zindikirani mbalame ndi mayendedwe ake

Mitundu ya nthenga imanamiza, makamaka pakuwala kwa pagombe. Kayendedwe ndi kadyedwe sizinama. Musanatsegule buku, dzifunseni kuti mbalameyo ndi yaikulu bwanji poyerekeza ndi imene ili pafupi nayo, mlomo wake ndi wautali kapena waufupi poyerekeza ndi mutu, miyendo ndi ya mtundu wanji, ndipo ikudya motani.

Mbalame zotchedwa plover zili ndi mutu wozungulira, maso aakulu ndi mlomo waufupi. Zimasaka ndi maso, choncho zimathamanga, kuima njii, kujompha, n'kuthamanganso. Za mtundu wa sandpiper zili ndi mlomo wautali ndipo zambiri zimasaka pofufuza ndi mlomowo, mutu uli pansi, zikubaya mchenga osaleka ngati makina osokera. Kungosiyanitsa magulu awiriwa ndiye kuti mwadula masamba ambiri a buku lanu. Sanderling, imene ndi ya m'gulu la sandpiper, imathamangitsana ndi mafunde, kutsika akamabwerera n'kuthawa akamabwera, ndipo ilibe chala chakumbuyo. Common sandpiper ya ku Ulaya, Asia ndi Africa, komanso spotted sandpiper ya ku America, zimagwedeza kumchira mosalekeza ndipo zikamauluka zimadutsa pafupi ndi madzi mapiko ali gwaa.

Mbalame zoyera zija zili m'magulu awiri. Gull ndi yojintcha, imayenda pamchenga mwamatama, imayandama pamadzi ngati bakha ndipo imadya chilichonse. Tern ndi yowonda, ya mapiko osongoka ndi mchira wamphanda, ndipo imauluka mlomo utaloza pansi, kenako n'kudzigwetsa m'madzi kuti phava! Yaikulu kwambiri pa tern zonse ndi Caspian tern, ya mlomo wonenepa wofiira. Mukaona tern ikuuluka itanyamula kansomba chopingasa pamlomo, itsatireni ndi magalasi, chifukwa ikupita kukapatsa mnzake kapena ana.

Za gull zazing'ono msinkhu ndikuchenjezeni. Mitundu ikuluikulu monga herring gull imatenga zaka zinayi kuti imere nthenga za mbalame yaikulu, ndipo chaka chilichonse imaoneka mosiyana. Ngakhale akatswiri amakangana nazo. Ngati mukuyamba kumene, lembani kuti "gull yaing'ono, yamawangamawanga" n'kupitiriza. Palibe amene angakuimbeni mlandu.

Musaiwale kukweza maso. Nkhwazi ndi mbalame zina zogwira nsomba zimadutsa pamwamba, akakowa amaima m'madzi osaya m'mbali mwa bango, ndipo anamzeze amasesa touluka pamwamba pa mchenga. Mbalame zonse za pagombe zikadzuka nthawi imodzi popanda munthu kapena galu, yang'anani kumwamba msanga. Kawirikawiri kumakhala kukudutsa kabawi.

Chachisanu ndi chimodzi: dziwani pamene mbalame ikukuthamangitsani

Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Chisa cha plover kapena cha tern si chisa monga timachidziwira. Ndi kadzenje kosaya kamene mbalame imakumba ndi chifuwa ndi miyendo, nthawi zina n'kuyalamo timiyala. Mazira ake ndi amawangamawanga ngati mchenga womwewo. Mungaliyang'ane dzira muli chiimire pamwamba pake osaliona. Kittlitz's plover ya ku Africa imachita kukwirira mazira ake ndi mchenga ikamachoka, moti ngakhale mutadziwa pamene pali chisa mungapasowe.

Masana mchenga wouma umatentha kupitirira madigiri 50, choncho kholo limene lili pachisa nthawi zambiri silikufunditsa mazira koma likuwatchingira dzuwa. Mitundu ina imapita kukanyowetsa nthenga za pamimba m'madzi n'kubwera kudzaziziritsa mazira. Mukaithamangitsa mbalame yotero, mazirawo amayamba kupsa, ndipo akhwangwala ndi gull amene amakhala akuonerera chapatali amapeza mpata.

Mbalame imakuuzani mukayandikira kwambiri, ndipo imayamba mwaulemu. Imasiya kudya n'kutalikitsa khosi. Kenako imayamba kulira kamawu kamodzimodzi mobwerezabwereza, ikuthamanga patsogolo panu n'kumacheuka. Mukapanda kumva, imachita chimene chimanamiza anthu ambiri: imagwetsa phiko limodzi, kutambasula mchira, n'kumadzikwakwaza pamchenga ngati yathyoka. Ine tsiku langa loyamba ndinaitsatira mbalame yotero ndili ndi chisoni chachikulu, ndikuganiza za katoni yoti ndikaiikemo. Titayenda kamtunda ndithu inangodzuka n'kuuluka bwinobwino, ine kukamwa kuli yasa. Inali ikundichotsa pamene panali mazira ake, monga mmene ikanachitira ndi nkhandwe. Tern zilibe ulemu wotero. Zimakuzungulirani zikulalata, kukudumphirani kumutu, ngakhale kukujomphani kumene.

Mukaona chimodzi mwa zizindikiro zimenezi, imani pomwepo. Yang'anani pansi, pamapazi panu penipeni, kenako bwererani mmene munadzera, mukuona pamene mukuponda, mpaka mufike pamchenga wonyowa. Pitirizani kutalikira mpaka mbalameyo itasiya kulira. Mukakhala pansi chapatali n'kudikira, mudzaiona ikubwerera mozemba, kuima, kuthamanga pang'ono, kuimanso, mpaka kukhala pachisa. Kuona zimenezo pamagalasi kumakoma kuposa kuliona dzira muli pafupi. Musapite kukafunafuna chisacho. Mapazi anu amasiya njira yolunjika pomwepo, ndipo zilombo zimadziwa kuitsatira.

Ana a plover amachoka pachisa patangopita maola ochepa ataswedwa ndipo amadzidyera okha, makolo akungowalondera. Kamwana ka piping plover kamaswedwa kakulemera magalamu osakwana 10, ndipo kamatha milungu itatu kapena inayi kasanayambe kuuluka. Kakachita mantha kamagona pansi n'kuuma, nthawi zina m'dzenje la phazi la munthu kapena m'mene munadutsa tayala la galimoto. Mukakapeza kali kokha musakatole poganiza kuti ndi kamasiye. Makolo ali pafupi, akudikira kuti inu muchoke. Musaimenso pakati pa ana ndi madzi, chifukwa chakudya chawo chili m'mphepete mwa madzimo.

Kuti mumvetse kukula kwa nkhaniyi, taonani za piping plover ya kunyanja zikuluzikulu za ku North America, zotchedwa Great Lakes. Pamene boma la America linkaiika m'gulu la zamoyo zotsala pang'ono kutha mu 1986, m'dera lonselo munali mutatsala mabanja osakwana 20. Zimene zathandiza kuti ziyambenso kuchuluka ndi zinthu wamba: zingwe zotchinga malo a zisa, zikwere za waya zoteteza mazira, ndi anthu olondera m'malo monga Sleeping Bear Dunes ku Michigan. Mu 2019 mbalame ziwiri zimene anthu anazitcha Monty ndi Rose zinaswa pagombe la Montrose mumzinda wa Chicago, ndipo anthu ongodzipereka ankasinthana kuzilondera. Choncho mukapeza chingwe ndi chikwangwani pagombe, khalani kunja kwake, komabe dziwani kuti mbalame siiwerenga zikwangwani. Ikhoza kumanga chisa kunja kwa chingwecho.

Mbalame zopuma paulendo nazo zisiyeni zipume. Mu 2022 bar-tailed godwit ina ya miyezi isanu, imene anaimangirira kachipangizo kolondolera, inauluka makilomita 13,560 kuchokera ku Alaska kukafika ku Tasmania m'masiku 11 osatera. Si zonse zimene zimauluka motero, koma zonse zimayenda ndi mafuta amene zasunga m'thupi, ndipo kuziulutsa pachabe n'kuziwonongera mafutawo. Gulu likakhala panjira yanu, lilambalaleni. Galu musiyeni kunyumba, ndipo musaimbe kulira kwa mbalame pafoni pofuna kuti zibwere pafupi, chifukwa kholo limasiya chisa n'kupita kukalimbana ndi mdani amene kulibe.

Chachisanu ndi chiwiri: lowani m'milu ya mchenga podzera m'njira

Dzuwa likakwera ndipo gombe layamba kudzaza anthu, tembenukirani kumilu. Mulu wa mchenga umaima chifukwa cha udzu. Ku Ulaya ndi ku North America udzu wake wotchuka ndi marram, umene mizu yake imayanga pansi ngati ukonde ndipo umakula bwino mchenga ukamaukwirira. Umapirira mphepo, dzuwa ndi ludzu, koma supirira kupondedwa. Anthu akadutsa malo amodzi kangapo udzuwo umafa, mphepo imapeza polowera n'kukumba chidzenje chimene chimakula chaka ndi chaka. Yendani m'njira yokonzedwa kapena pamatabwa amene anayala, ndipo chilakolako chotsetsereka pamulu muchisiyire ana, nawonso muwaletse.

Kuno makutu amagwira ntchito kuposa maso. Timbalame ta m'udzu monga lark ndi pipit timafanana ndi udzu wouma, ndipo mumatidziwa ndi nyimbo kapena tikauluka pafupi ndi mapazi anu. Imani pamalo okwera pamene njira ikudutsa, mumvetsere, kenako muyang'ane nsonga za zitsamba ndi mitengo ya mpanda, chifukwa yoimba imakonda pamwamba. M'tizigwa tonyowa muli bango ndi tizilombo tambiri, ndiye kuti mulinso mbalame. Pamene mchenga wagumuka n'kusiya khoma, funani mabowo ang'onoang'ono oyandikana. Amenewo ndi nyumba za anamzeze a mtundu wa sand martin kapena za mbalame zodya njuchi, zimene zimakumba ngalande yolowa mkati pafupifupi mita imodzi. Musaime pamwamba pa khomalo, lingagumukire ana.

M'mamawa mchenga wa m'njira umakhala utalemba zonse za usiku. Phazi la plover lili ndi zala zitatu zoloza kutsogolo popanda chakumbuyo. La gull limaonetsa chikopa cholumikiza zala ngati la bakha. La kakowa ndi lalikulu, lokhala ndi chala chachitali chakumbuyo. Mukaona mapazi a khwangwala kapena a nkhandwe akuyenda motsatira mzere wa mchenga wouma, mwadziwa amene akusaka mazira pagombelo. Ndipo ngati mungathe kubweranso dzuwa litangolowa, m'milu yokhala ndi mitengo yapatalipatali mumamveka lumbe.

Chachisanu ndi chitatu: lembani musanaiwale

Lembani tsiku, ola, malo, mphepo, chiwerengero ndi zimene mbalameyo inkachita. Mbalame yosaidziwa muifotokoze kaye m'kabuku, ngakhale kuijambula mokhotakhota, musanatsegule buku la zithunzi. Mukayamba ndi buku, maso amayamba kuona zimene zili pachithunzi m'malo mwa zimene zili pamchenga.

Mukaona mbalame yovala timphete tamitundu kumiyendo, lembani mwadongosolo: mwendo wamanzere kuyambira pamwamba kutsika, kenako wamanja, ndiponso ngati kamphete kali pamwamba kapena pansi pa mfundo ya mwendo. Ofufuza amadziwa mbalame iliyonse ndi mitundu imeneyi, ndipo mukawatumizira uthenga nthawi zambiri amakuuzani kumene inavekedwa ndi kumene yakhala ikuonedwa.

Zimene mwaona mungaziike pa eBird, nkhokwe ya pa intaneti yosunga zolemba za anthu oona mbalame, imene inayambitsidwa mu 2002 ndi Cornell Lab of Ornithology pamodzi ndi National Audubon Society, ndipo asayansi amagwiritsa ntchito zolembedwazo. Pulogalamu ya pafoni ya Merlin, ya ku Cornell komweko, imathandiza kuzindikira mbalame ndi chithunzi, ndipo kuyambira mu 2021 imamvetseranso kulira. Koma pagombe pali phokoso la mafunde ndi mphepo, choncho dzina limene foni yakupatsani mulitenge ngati ganizo chabe mpaka mutaiona mbalameyo ndi maso. Chisa mukachipeza, uzani oyang'anira malowo. Musalengeze pa Facebook pamene chili, chifukwa mawa lake padzafika anthu khumi ndi makamera.

Pochoka, ndi pobweranso

Pagombe munthu ndiye chinthu chachitali kuposa zonse, ndiye mukamva bingu longedzani. Phokoso limayenda kilomita imodzi m'masekondi atatu, choncho mukawerenga kuchokera pamene kwang'anima kufika pamene kwagunda mudziwa kuti mvulayo ili patali bwanji. Lowani m'nyumba kapena m'galimoto, ndipo mudikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza. Mbalame yakufa kapena yodwala musaigwire ndi manja, chifukwa chimfine cha mbalame ndi matenda ena amafala motero. Mukapeza zakufa zingapo malo amodzi, dziwitsani oyang'anira nyama zakutchire. Tolani zotsala zonse za chakudya, popeza n'zimene zimaitana akhwangwala, ndiponso ulusi wa mbedza uliwonse umene mwaupeza, chifukwa umakola miyendo ya mbalame. Mukafika kunyumba dzifufuzeni nkhupakupa ngati munadutsa m'udzu.

Kenako bweraninso pamalo omwewo pakapita milungu iwiri, ola lomwelo, mukakhale pamene munakhala paja. Mbalame imene inali pamazira mudzaipeza ikulondera ana, ndipo ulendo wotsatira anawo adzakhala akuyesa mapiko. Ngati muli kumpoto, mu Julayi mudzayamba kuona mbalame zikuluzikulu zochokera ku Arctic, nthenga zawo zitatha ndi kuperepeseka m'mphepete. Ana awo amanyamuka pambuyo, paokha, ndipo amafika mu Ogasiti. Amenewo mudzawadziwa ndi nthenga zapamsana zatsopano, iliyonse ili ndi kamzere kowala m'mphepete ngati mamba a nsomba, komanso ndi kusaopa kwawo, chifukwa ambiri mwa iwo amakhala asanaonepo munthu.